Za Kusema Ndodo Yoyendera

Tsopano nchito ya kumunda yatha, cimanga ciri m'nkhokwe, ndipo amuna ambiri angokhala pabwalo, manja ali lende. Cifukwa cace tifuna kuphunzitsana nchito yaing'ono imene munthu angathe kuicita madzulo pakhonde, si kuti apate nayo ndalama iai, koma kuti akondwere nayo: ndiyo kusema ndodo. Koma tiyambe ndi cenjezo. Nkhalamba ikatsamira ndodo potsikira kudambo, yaikiza thupi lace lonse kwa mmisiri amene anaisema.

Ife tinaphunzira ici ndi manyazi. Tiri anyamata tinadula mtengo wauwisi, tinausenda tsiku lomwelo ndi kuuyanika padzuwa. Pamenepo tinazokota njoka yozinga ndodo yonse, ndi kuipereka kwa agogo athu aamuna. Anthu onse anaitama. Isanathe miyezi iwiri ndodo ija inang'aluka, ndipo tsiku lina inathyokera pakhosi pa njoka, pamene tinalowetsa mpeni kwambiri. Agogo anagwera pamwala, nakhala masabata atatu osayenda. Sanatikalipire, anangoti, "Mdzukulu wanga, njoka yako yandiluma."

Mukapita kuthengo musafune mtengo waukuru wakuti muusemeseme kufikira ucepe. Funani mphukira kapena nthambi yoongoka imene inamera yokha pa msinkhu wa ndodo, yonenepa monga inchi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Mkuyu ndi mlambe siyani, ndi yofewa. Muwanga ulimba, tsanya wa kucigwa ca Shire ulimba koposa, mlombwa upepuka ndipo maonekedwe ace akoma. Koma kwa munthu woyamba kumene ife titama mtengo wa gwafa: uli pafupi ndi nyumba, suthyoka msanga, ndipo ukaudula uphukanso.

Ambiri akhumbira phingo, cifukwa mtima wace uli wakuda bii, ndipo ukapalidwa unyezimira wokha. Ndiwo mtengo umene a ku Ulaya apangira zitoliro zao zoyimbira, ndipo kulemera kwace nkwakuti umira m'madzi. Kulemera komweko ndiko kutopetsa dzanja la nkhalamba. Ubunthitsanso nsompho, ndipo ukula pang'onopang'ono, kotero kuti pafunika zaka 70 kapena zoposa kuti ukhwime. Kuyambira caka ca 2017 maiko anapangana kuti matabwa a phingo asaoloke malire popanda cikalata. Kumbukiraninso kuti lamulo la nkhalango la caka ca 1997 liletsa kudula mtengo m'nkhalango ya boma popanda cilolezo. Ndipo pa nkhalango ya mudzi yambani mwapempha kwa amfumu.

Mphamvu ya ndodo iri pa cigwiriro. Mtengo uli ndi mitsempha yace yoyenda m'litali, monga luzi. Mukasema ndodo yokhota mutu kucokera m'thabwa, mudula mitsemphayo pakati, ndipo mutuwo udzathyoka tsiku limene munthu adzaufuna kwambiri. Koma pa mphanda, kapena pamene tsinde lipindikira ku muzu, mitsempha ikhota yokha osaduka. Cifukwa cace dulani nthambi pamodzi ndi cidutswa ca mai wace, kapena kumbani mphukira ndi muzu womwe. Pamenepo cigwiriro mwacipeza cosemedwa kale.

Nyengo yabwino yodula ndiyo Juni ndi Julai, pamene madzi acepa m'mitengo, pakuti mtengo wodulidwa m'dzinja sucedwa kufumbwa. Dulani motalikitsa, muonjeze cikhato cimodzi mbali iyi ndi cina mbali iyo, cifukwa kunsonga ndiko kuyamba kung'aluka. Makungwa musacotse. Matani phula la njuci pa mabala onse awiri, ndipo pacikani mtengowo pamthunzi, kutsindwi kumene utsi ufikako. Tanthauzo lace ndi ili: mtengo ukauma unyala, ukauma msanga padzuwa, kunja kunyala pamene m'kati mukali madzi, ndipo kunjako kung'ambika. Amisiri a matabwa awerenga caka cimodzi pa inchi imodzi ya kunenepa. Tidziwa kuti apa ndipo anyamata adzatsike mutu; koma wodula mitengo itatu caka cino, ndi ina itatu caka ca mawa, sadzasowanso cosema.

Mtengo wokhota pang'ono uongoleka. Uwambeni pamakala mouzunguza kufikira watentha, upindeni pabondo, ndipo ugwireni comweco mpaka uzizire. Mphukira imvera msanga koposa nthambi yokalamba, monga akulu anati kuongola mtengo mpoyamba.

Musanadule msinkhu, itanani mwini ndodo. Aimirire coongoka, mikono iri pansi, atabvala nsapato ngati ayenda nazo. Cigwiriro cifike pa mfundo pamene cikhato cilumikizana ndi mkono. Ndodo yaitali ikweza phewa, yaifupi iweramitsa msana.

Pamenepo ndipo mutenge mpeni. Sendani makungwa, sadzani mfundo ndi nsompho, palani ndi cidutswa ca galasi kufikira cala cisapeze pokakala. Zokometsera ziikeni kumutu, kumene mtengo uli wonenepa: mutu wa mbalame, nkhope ya munthu, kapena mizere ya mphasa. Pa thupi la ndodo mpeni ungokanda pamwamba. Wofuna njoka ailembe ndi waya wofiira pamoto, pakuti moto udetsa koma sukumba. Ndipo cigwiriro cikhale cosalala; taona ndodo zogulitsa m'mbali mwa mseu zimene makutu a njobvu abaya cikhato usanayende mtunda umodzi.

Potsiriza dzozani mafuta a nsatsi kawiri kapena katatu, kulekeza masiku pakati kuti alowe, ndipo pukutani ndi phula. Kunsi khomerani cidutswa ca tayala lakutha, cifukwa citsulo citerereka pamwala. Popereka ndodoyo muwauze agogo kuti aigwire ndi dzanja la mbali ya mwendo wabwino, ndi kuiponya pamodzi ndi mwendo wodwalawo. Ambiri acita mosiyana, nadabwa kuti bondo silileka kuwawa.