Ndege Ikamatera: Mafunso ndi Mayankho pa za Kutchera Zipangizo

Kodi ndege yopanda chilema ingagwe chifukwa cha nambala imodzi?

Ingagwe ndithu. Usiku wa pa 20 Januwale 1992, ndege ya kampani ya Air Inter, ya mtundu wa Airbus A320, imene inanyamuka ku Lyon ndi anthu 96, inawomba phiri lina pafupi ndi phiri la Sainte-Odile m'dziko la France pamene inali kutsika kuti itere ku Strasbourg, ndipo anthu 87 anatisiya, pamene injini zake zonse zinali kulira bwino lomwe.

Nanga chinalakwika n'chiyani?

Patsogolo pa oyendetsa ndegeyo panali kotsegulira kamodzi kozunguliza ndi zala, kamene kanali kugwira ntchito ziwiri: kuuza kompyuta kupendekeka kwa njira yotsikira, kapena kuiuza mafiti oti itsike pa mphindi iliyonse. Ofufuza ngozi, atasanthula zonse, anaona kuti chomveka koposa n'chakuti amunawo anafuna madigiri 3.3, koma popeza sanasinthe ntchito ya kachipangizoko, kompyuta inamva mafiti 3,300 pa mphindi, ndiko kutsika pafupifupi kanayi kuposa mmene kunayenerera. Pa kagalasi kake panaoneka 33, pamene pakadayenera kuoneka 3.3, ndipo ndani, ali mumdima ndi m'mitambo, manja ali pakalikiliki, makutu ali kwa wolondolera ndege wa pansi, akadazindikira msanga kuti kadontho kamodzi kasowa?

Kodi oyendetsawo anali ana pa ntchito?

Iyayi, mkulu wawo anali atauluka maola oposa 8,000. Koma pa ndege ya mtundu umenewu, imene inali yachilendo masiku amenewo, iye anali ndi maola 162 okha, ndipo womuthandiza anali ndi 61. Apa ndi pamene mtima wanga uwawa koposa, pakuti akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo nchifukwa chake m'ndege mukhala anthu awiri, kuti wina akatchera chipangizo anene mokweza, mnzake ayang'ane ndi kuvomereza. Koma ngati onse awiri ali alendo m'chipinda choyendetsera ndegemo, maso a wachiwiri sangaone chimene chaphonya woyamba. Amene anawaika pamodzi usiku umenewo sangasambe m'manja pa mlanduwu.

Palibe chimene chikadawachenjeza?

Chipangizo chofuula ndege ikayandikira nthaka chinalipo kale pa dziko, koma ndege iyi inalibe.

Kodi anakonzapo chiyani pambuyo pake?

Kampani ya Airbus inasintha kagalasi kaja, kotero kuti liwiro la kutsika lilembedwa tsopano ndi manambala anayi, 3300, osafanananso ndi madigiri, ndipo boma la France linalamula kuti ndege zonyamula anthu zikhale nacho chipangizo chochenjeza chija.