Maziko a Cofunda ca Zigamba: Tisokere pa Ciyani?

Tikatha kukolola ndi kuika cimanga m'nkhokwe, mphepo ya Juni imafika, ndipo ndi pamene banja limawerenga mabulangete ake. M'nyumba zambiri ana atatu amalimbirana cofunda cimodzi, ndalama za thonje ndi nshawa zisanalowe. Komatu pansi pa makina a telala aliyense, kaya pamsika wa Chipata, Katete kapena Petauke, pamakhala mulu wa tinsalu totsala ta zitenje timene timangosesedwa madzulo. Tinsalu timeneti, tikatilumikiza bwino, tingafunditse banja zaka zambiri. Phunziro lino likunena za cinthu cimodzi cimene ambiri amacipeputsa poyamba nchitoyi: cimene tinsaluto timasokeredwapo, cimene tidzacicha maziko.

Kumene luso linacokera

Kasokedwe aka kanachuka pakati pa akazi a m'mafamu a ku America, makamaka m'zaka za umphawi waukulu za m'ma 1930. Iwo ankasunga kansalu kalikonse kotalika ngati cingwe, nakasokera pa nyuzipepala zakale kapena pa matumba a ufa ndi a cakudya ca nkhuku. Lero anthu amadziwa zaka za zofunda zina za nthawi imeneyo powerenga masiku a pa nyuzipepala zimene zinatsalira mkati. Zofunda za akazi akuda a ku Gee's Bend, m'dera la Alabama, zimene zambiri zinasokedwa ndi zovala zakutha za kumunda, zinaonetsedwa m'nyumba yaikulu ya zaluso ku Houston mu 2002. Koma gwirani mfundo iyi: matumba amene akazi aja ankagwiritsa nchito anali a thonje. Matumba athu a lero ndi a pulasitiki. Amene amva mbiriyi n'kuthamangira kunkhokwe kukatenga thumba, wamva theka lokha.

Cifukwa cake maziko afunika

Nsalu yolukidwa ili ndi ulusi woimirira ndi wopingasa. Mukaikoka motsata ulusiwo sitanuka kwenikweni, koma mukaikoka mopendekera, kucokera pangodya kupita pangodya, imatanuka. Tinsalu ta kwa telala tinadulidwa mosiyanasiyana, tina motsata ulusi, tina mopendekera. Mukatilumikiza tokhatokha, tina timakoka tinzake, ndipo cofunda cimatuluka cokhota, cosagona pansi. Maziko ndiwo amagwira kansalu kalikonse pamalo pake, monga cingwe ca mizere cimaongolera wobzala.

Kasokedwe kake nkosavuta. Dulani maziko a mbali zinai zofanana, masentimita 27 mbali iliyonse. Goneka kansalu koyamba pakati, kucokera pangodya ina kufika pangodya yopenyana nayo, maluwa ali kumwamba. Ikani kaciwiri pamwamba pake mozondotsa, mphepete zitalingana, ndipo sokani pafupifupi mamilimita 6 kucokera m'mphepete, singano ikupyola mpaka pa maziko. Tembenuzani kaciwiriko, sitani ndi nsimbi, ndi kupitiriza motero mpaka maziko onse atabisika. Pomaliza cekani zotsala mozungulira kuti cidutswaco cikhale masentimita 25 kuonjezapo malo a msoko. Cofunda ca masentimita 150 m'lifupi ndi 200 m'litali cimafuna zidutswa 48, zisanu ndi cimodzi mumzere uliwonse, mizere isanu ndi itatu.

Maziko oyenera

Oposa onse ndi nsalu yopyapyala ya thonje, yosatanuka, yoyera kapena yofwifwa. Nsalu yakale ya pabedi, citenje cosuluka, ndi kumsana kwa malaya a thonje a m'salaula, zonsezi n'zabwino. Citenje ca mamita awiri cimatulutsa maziko osacepera 24, motero ziwiri zingakwanire. Koma popeza cakale sicisowa malo ofooka, konzani zitatu. Maziko a nsalu amatsalira mkati, naonjezera kutentha ndi kulimba, ndipo singano ya m'manja imalowamo mosavuta.

Musanadule, yesani nsaluyo m'njira zinai. Coyamba, iyang'anitseni kudzuwa: pamene kuwala kukudutsa kwambiri, ulusi watha. Nsalu ya pabedi imatha pakati pamene pamagona munthu, koma m'mbali imakhala yolimba. Caciwiri, ikokeni ndi manja awiri. Ikang'ambika m'manja mwanu, idzang'ambikanso m'cofunda, ndipo mkatimo simudzafikamo kuti muikonze. Cacitatu, icapeni ndi kuiumitsa, ingakhale ili yatsopano, pakuti thonje limafupika likacapidwa koyamba, ndipo maziko akafupika mutasoka kale, pamwamba ponse pamacita makwinya. Cacinai, gonekani kansalu koyera pamwamba pake: ngati maluwa a maziko akuonekera, sungani maziko amenewo kuti akhale pansi pa tinsalu takuda.

Lamulo lina nlakuti maziko onse a cofunda cimodzi akhale a mtundu umodzi, kapena ofanana kulemera. Mukasakaniza thonje ndi poliyesita, zina zidzafupika zina ayi, ndipo cofunda cidzapindika monga goli la ng'ombe zosalingana.

Za pepala

Amene ali ndi makina angagwiritse nchito nyuzipepala kapena mapepala a makope akale. Pepala silitanuka konse, motero ngodya zimatuluka zoongoka. Koma liyenera kucotsedwa pomaliza, pakuti likatsala limasanduka phala pocapa. Fupikitsani msoko wa makina kuti singano iboole pafupipafupi ndipo pepala ling'ambike mosavuta. Samalani ndi inki ya nyuzipepala yatsopano, imene imadetsa nsalu yoyera. Osoka pamanja alisiye pepala, cifukwa poling'amba amasolola ulusi wao womwe. Kumbukiraninso kuti cofunda cosokera pa pepala cimatuluka copepuka, ndipo cidzafuna bulangete lakale pakati kuti cithane ndi mphepo ya Julayi.

Zoyenera kuzikana

Masikipa ndi majuzi amatanuka, motero alibe mphamvu yogwira tinsalu tina. Jinzi ndi nsalu zina zokhuthala zimathyola singano pamene misoko yakumana, ndipo cofunda cace cimacedwa kuuma. Ciguduli cimakanda thupi ndi kuthothoka ulusi; cisungireni copukutira mapazi pakhomo. Neti ya udzudzu ili ndi mankhwala ndipo ili ndi nchito yake pamwamba pa bedi. Kuidula ndiko kugula cofunda ndi malungo.

Koma cenjezo lalikulu kwa ife alimi ndi la matumba. Caka catha ndinacezera banja la mmodzi wa ophunzira athu akale. Amayi a m'nyumbamo anali atasoka cofunda cokongola ca tinsalu ta zitenje, nchito ya milungu yambiri, koma anasokera pa matumba a feteleza otsukidwa. Anandionetsa pamene nsimbi inasungunula thumba, ndi pamene ulusi wa pulasitiki unayamba kumasuka m'misoko. Ana ankadzuka ndi thukuta usiku wozizira, pakuti pulasitiki sumwa cinyezi. Ndinaona cofundaco cili pafupi ndi mbaula, mtima wanga unagunda. Thonje likagwira moto limapsa, koma pulasitiki umasungunuka ndi kumamatira pakhungu. Tinagwirizana kuti cikhale cophimbira matumba a cimanga, ndipo amayiwo anayambanso pa nsalu ya pabedi.

Ngati thumba la feteleza kapena la ufa lili losayenera cotero, la mbeu yothiridwa mankhwala nloopsa koposa. Utoto wofiira kapena wobiriwira umene mumauona pa mbeu yogula ndi cizindikiro cakuti ili ndi mankhwala ophera tizilombo ndi matenda. Fumbi lake limalowa m'ulusi wa thumba, ndipo simungatsimikize kuti kucapa kwalicotsa lonse. Cimodzimodzi matumba amene munasungiramo cimanga cothira mankhwala a anankafumbwe, ndi zovala zimene mumavala popopera thonje. Cofunda cimakhala pamphuno pa mwana usiku wonse. Cinthu cimene cinakhudzana ndi mankhwala a kumunda cisalowemo, ngakhale cioneke coyera motani.

Mau kwa magulu a mumpingo

Buku la Macitidwe, mutu 9, limatiuza za Dorika wa ku Yopa, amene akazi amasiye anamkumbukira poonetsa zovala zimene anawasokera. Amayi a Dorika ndi acinyamata amene afuna kusokera okalamba ndi ana amasiye zofunda zotere, agwirizane za maziko asanagawane nchito: mtundu umodzi wa nsalu, yocapidwa, yodulidwa ndi muyeso umodzi wa katoni. Mukatero zidutswa zocokera m'nyumba khumi zidzakumana bwino tsiku lolumikiza. Wolandira cofunda sadzaona maziko, ndipo ndi cifukwa cake wosoka ayenera kukhulupirika pamenepo.

Nchito yocita

1. Fotokozani cifukwa cake tinsalu todulidwa mopendekera timafuna maziko.
2. Chulani mayeso anai a nsalu yakale, ndi cimene yeso lililonse limaonetsa.
3. Nciyani cimasiyanitsa matumba a alimi a ku America a m'ma 1930 ndi athu?
4. Sokani zidutswa ziwiri, cina pa nsalu ya thonje yocapidwa, cina pa yosacapidwa. Zicapeni pamodzi, ziumitseni, muziyeze ndi rula, ndipo mubwere nazo kukalasi. Ophunzira akale ayese zimenezi m'magulu ao mphepo isanafike, natiuze zimene apeza.