Kodi nthaka imasefadi zonyansa zonse?

MUULUTSI: Lero tiyamba ndi kalata ya mayi wina wa ku Salima. Akuti, "Aneba athu akumba chimbudzi pafupi ndi chitsime chathu. Nditadandaula anandiyankha kuti nthaka imasefa zonyansa zonse. Kodi n'zoona, kapena akungonditseka pakamwa?" Bambo, ayankheni mayiwa.

KATSWIRI: Zikomo. Mayi, anebawo sananame, koma angokuuzani mbali yowakomera. Madzi a m'dzenje la chimbudzi akamalowa pansi amadutsa m'timipata ta dothi. Mazira a njoka za m'mimba ndi okulirapo, ndiye amatsakamira pomwepo. Mabakiteriya ambiri amakodwanso, ena amamatirira ku dothi, makamaka la makande ndi katondo. Komanso tizilombo ta taifodi ndi kamwazi tinazolowera m'mimba mwa munthu, mofunda, mwa chakudya chambiri. Pansi pa nthaka timasowa chakudya, ndipo eni dothi, tizilombo tina tokhala momwemo, amatidya. Masiku akamapita timatha.

Ndiye nkhani yagona pa nthawi. Ku Germany amateteza dera lonse lozungulira chitsime cha madzi akumwa, mpaka pa mtunda umene madzi apansi angauyende masiku 50 asanafike pachitsimepo. Ife pamudzi tilibe zoyezera ulendo wa madziwo, choncho timadalira mtunda. Chimbudzi chitalikire mamita osachepera 30, chikhale kumunsi kwa chitsime osati kumtunda, ndipo pansi pa dzenje pasiyane ndi madzi apansi mita imodzi ndi theka.

Koma poti mwati ku Salima, ndikuchenjezeni. Ngati muli kufupi ndi nyanja, dothi lanu ndi mchenga, ndipo madzi ali pafupi. Mumchenga madzi amathamanga, ndipo mavairasi, poti ndi ang'ono zedi, amafika patali. Nthawi ya dzinja madzi apansi amakwera mpaka kulowa m'dzenjemo, apo kusefa kuja kwachepa kwambiri. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anasautsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja, Salima ndi Mangochi ali momwemo. Itanani alangizi a zaumoyo akaone malowo, musakangane nokha ndi aneba. Pakadali pano thirani klorini m'madzi akumwa kapena muziwiritsa.

MUULUTSI: Akawiritsa ndiye basi, zatheka?

KATSWIRI: Tizilombo tafa, inde. Koma pali mchere wina wotchedwa nitrate, wochokera ku zimbudzi ndi feteleza, umene sumamatira ku dothi ndipo kuwiritsa sikuuchotsa. Umavulaza makanda, n'chifukwa chake bungwe la WHO linaika malire a mamiligalamu 50 pa lita. Umatha ukadutsa malo onyowa osalowa mpweya, ngati m'dambo, momwe mabakiteriya amausandutsa mpweya wa nitrogen n'kuuluka. Amene tikulima ndi kumanga m'madambo mpaka kuwaumitsa tiziganizirepo.

MUULUTSI: Iyi yachokera kwa makaniko wa ku Ndirande. Akuti oyilo wakuda ndi dizilo wotsukira zitsulo amangokhuthulira kuseri kwa galaji, ndipo pakapita masabata saonekanso. Akufunsa ngati nthaka yadya.

KATSWIRI: Achimwene, wina wauluka ndi dzuwa, wina wadyedwadi, koma wambiri wangolowa pansi pomwe simukuona. Kuti mabakiteriya a m'dothi amadya mafuta, zimenezo n'zoona. Pakakhala okosijeni amawaphwanya n'kusanduka madzi ndi mpweya wa carbon dioxide. Okosijeni akatha pamabwera mabakiteriya ena amene amadalira chitsulo cha m'dothi, koma awa ndi aulesi, ntchito yawo ndi yapang'onopang'ono.

Umboni wabwino uli ku Bemidji, m'chigawo cha Minnesota ku America. Mu 1979 paipi ya mafuta osayenga inaphulika kumeneko, ndipo malita pafupifupi 1.7 miliyoni anatayika. Anthu anapopa amene akanatha, otsalawo analowa mumchenga. Kuyambira 1983 akatswiri a US Geological Survey akhala akuyeza madzi apansi pamalopo. Anapeza kuti poizoni wosungunuka m'madzi sanayende liwiro la madziwo, anangofika mamita mazana ochepa, chifukwa mabakiteriya amamudya m'njira. Nkhani yosangalatsa. Koma mafutawo akadalipo pansi mpaka lero, patatha zaka zoposa 40. Ndipo kumeneko ndi kutchire, mafuta anatayika kamodzi. Inu mukuthira mlungu ndi mlungu, pakati pa nyumba za anthu, mvula ikagwa zonse zikutsikira ku mtsinje wa Nasolo. Mabakiteriya sangakupezeni. Pezani mgolo, muzisungiramo oyiloyo.

MUULUTSI: Yomaliza yachokera kutsidya, ku Chipata. Bambo awa akuti abale awo amakhala ku Kabwe, ndipo akudabwa kuti mgodi wa kumeneko unatsekedwa kalekale koma ana akupezekabe ndi mtovu m'magazi. Nanga nthaka bwanji sikuyeretsa?

KATSWIRI: Apa ndiye nthaka yagonja, bambo. Chimene chimaola, tizilombo timachiphwanya. Mtovu suola. Mgodi wa Kabwe unakumbidwa zaka pafupifupi 90 mpaka 1994, ndipo utsi ndi fumbi lake zinagwera pa makomboni ngati Kasanda, Chowa ndi Makululu. Dothi limaugwira mtovuwo mwamphamvu, moti suthamangira kwenikweni ku madzi apansi pokhapokha madziwo akhale a asidi. Koma kugwira komweko ndi kumene kwausunga pamwamba, m'fumbi limene ana amaseweramo n'kuika zala m'kamwa. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo kudikira sikuthandiza. Mankhwala ake ndi kuchotsa dothilo kapena kulikwirira ndi lina labwino. Auzeni abale anuwo adzale kapinga pabwalo, azikolopa m'nyumba m'malo mosesa, azisambitsa ana m'manja asanadye, ndipo awatengere kuchipatala akayezedwe magazi. Enanu amene mumaswa mabatire akale agalimoto pakhomo, kaya ku Lilongwe kaya ku Mzuzu, mtovu wake ndi womwewo.

MUULUTSI: Nthawi yatithera. Bambo a ku Chikwawa amene mwafunsa za mjigo wotulutsa madzi amchere, kalata yanu tidzayamba nayo sabata yamawa.