Malume akufuna yogula, muphwa wawo akuti yaulere ikwana

Kalata ya sabata ino yachokera ku Santhe, kwa mnyamata amene amasunga mabuku a kalabu ya alimi a fodya. Kalabuyo ili ndi seva imodzi, ndipo iye akufuna kuigawa kuti izigwira ntchito ngati makompyuta atatu: ya kaundula wa alimi, ya ngongole za feteleza, ndi ya mabelo opita ku okushoni ya Chinkhoma. Wasankha pulogalamu yaulere ya Proxmox. Koma wapampando, amene ndi malume ake, akuti chaulere chilibe mwini, igulidwe VMware basi. "Ndikawatsutsa pamsonkhano, kumudzi anditcha wamwano," akudandaula.

Azakhali oyankha makalatawa akuti pa nkhani ya ndalama mnyamatayu sanalakwe. Kampani ya Broadcom idagula VMware mu Novembala 2023, mwezi womwewo umene kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Pofika Disembala, kampaniyo idaleka kugulitsa chiphaso chogula kamodzi n'kuiwalako. Tsopano n'cholipiralipira, m'ndalama zakunja, zimene ngakhale amalonda akuluakulu amazisowa kubanki. Kalabu imene imaona ndalama msika wa fodya ukatsegulidwa basi, ingapirire zimenezo? Pulogalamu yaulere ya VMware, yotchedwa ESXi, idachotsedwa mu Febuluwale 2024 n'kubwereranso mu Epulo 2025, ndipo mwiniwake akafuna angaichotsenso.

Proxmox imapangidwa ku Vienna kuyambira 2008, ndipo njira yosungira makope a mafayilo ili momwemo. Wofuna thandizo la kampaniyo amalipira pachaka, wosafuna amangogwiritsa ntchito.

Komabe malumewo sakubwebweta ayi. Funso limene sanalitchule ndi lakuti: muphwa wawoyo akapita ku Joni, sevayo n'kuzima pakati pa msika, adzaitana ndani? Mantha amenewo ndi omveka, kungoti chiphaso sichingawathetse. Ku Santhe chimene chimapha seva kawirikawiri ndi kuthimathima kwa magetsi, fumbi la mu Okutobala, ndi disiki imene yafa ilibe kope.

Choncho mnyamatayu asalankhule pamsonkhano. Mwinimbumba satsutsidwa pagulu. Apite kwa malumewo madzulo, ali ndi pepala la mitengo m'manja, akayambe n'kuti, "Malume, mwanena zoona, chinthuchi chisadalire munthu mmodzi." Kenako awapemphe kuti ndalama zimene akadagulira chiphaso zigule batire ndi sola, ndi disiki yachiwiri yomakagona kunyumba kwa msungichuma. Aphunzitse munthu wina mmodzi wa m'kalabu, mapasiwedi aikidwe mu envulopu yomata, ndipo msika usanatsegulidwe ayesere kubwezeretsa kaundula yense malumewo akuona ndi maso awo.

Tsiku la msonkhano likafika, mfundoyo aipereke ndi malumewo, mnyamatayu azingolemba maminitsi.