Phunziro: Pepala Lachisanu

Musanayambe phunziro ili tsegulani Numeri 27:1-11, ndipo mmodzi awerenge mokweza kuti onse amve.

Ambiri a inu mukumbukira Lachinayi lija la pa 11 August 2016. M'tauni yathu yaing'ono tinalawirira kusukulu ya pulaimale kukadali chisisira, popeza malo ovotera anatsegulidwa 6 koloko m'mawa. Tsiku limenelo munthu analandira mapepala asanu. Anayi anali osankhira anthu: pulezidenti, phungu wa nyumba ya malamulo, meya kapena wapampando wa khonsolo, ndi khansala wa wadi. Lachisanu linalibe nkhope ya munthu aliyense. Linali ndi funso lalitali, ndi zizindikiro ziwiri: diso kutanthauza Inde, khutu kutanthauza Ayi. Ndinamva mai wina pamzere akufunsa mnzake kuti, "Nanga uyu wa khutu ndi wa chipani chiti?" Tinaseka. Koma mwa ife oseka, ndi angati tikanatha kumuyankha bwino?

Pepala lija linali la referendamu. Linafunsa ngati tivomera kukulitsa gawo lachitatu la malamulo oyendetsera dziko, lonena za ufulu wa munthu aliyense, ndiponso kusintha ndime 79, imene imanena za njira yosinthira malamulowo. Mwa zimene zikanalowamo munali ufulu wa chithandizo cha kuchipatala, madzi abwino, chakudya, pokhala ndi maphunziro, komanso ndime zoteteza azimai, ana, okalamba ndi olumala. Gawo limeneli aphungu sangalisinthe paokha. Lamulo linafuna theka la anthu onse oyenera kuvota, ndipo anawerengedwa kuti analipo pafupifupi 7.5 miliyoni, kuphatikizapo amene anali ndi reji chabe popanda khadi yovotera. Amene anaponya pepalalo anali 44 okha pa anthu 100 alionse. Oti Inde anali pafupifupi 1.85 miliyoni, oti Ayi pafupifupi 750,000, ndipo mapepala opitirira 700,000 anatayidwa chifukwa sanachongedwe bwino. Choncho nkhani inathera pomwepo.

Sindikunena kuti Inde ndiye anali wolondola. Panali Akhristu oganiza bwino amene anakana pa zifukwa zao, makamaka poona kuti mafunso awiri anamangidwa mtolo umodzi. Chimene chimandiwawa ndi mapepala 700,000 aja, ndi ife amene tinachonga motsata chitenje chimene tinavala, osadziwa chimene tavomera kapena kukana. Ineyo ndine mphunzitsi, ndipo ndinawerenga zosinthazo, koma sindinapemphe ngakhale mphindi khumi pa Chigwirizano kuti tizikambirane. Ndinaopa kuti anditcha wandale.

Tsono tibwerere kwa ana aakazi a Tselofekadi. Anali asanu: Mala, Nowa, Hogila, Milika ndi Tiriza. Atate ao anafera m'chipululu osasiya mwana wamwamuna, ndipo monga mwa kagawidwe ka nthawi imeneyo dzina lao likanafafanizika, munda n'kupita kwa ena. Taonani chimene atsikanawa anachita. Sanadandaulire kuseri kwa hema. Analidziwa lamulo, anaona pamene linawasiya kunja, ndipo anakaima pamaso pa Mose, wansembe Eleazara, akalonga ndi khamu lonse. Mose sanawabweze. Anapita nao mlanduwo kwa Yehova, ndipo Yehova anati atsikanawo anena zoona. Kuyambira pamenepo linakhala lemba la Israyeli yense, lothandiza ngakhale akazi amene anali asanabadwe.

Nkhaniyi siithera pa mutu 27. Pa Numeri 36 akulu a fuko la Manase anabweranso ndi nkhawa yakuti minda idzachoka m'fuko atsikanawo akakwatiwa kwina, ndipo lamulo linaonjezedwa. Pa Yoswa 17:3-4, zaka zitapita, akazi omwewo anakaima pamaso pa Yoswa kukumbutsa zimene analonjezedwa, ndipo ndi pamene analandira cholowa chao. Amai amasiye amene munalandidwapo katundu mukudziwa bwino kuti lamulo lolembedwa silidziyendera lokha kubwera pakhomo panu.

Za mapepala anayi ena aja, maso athu onse amakhala pa la pulezidenti. Komatu munthu amene mudzakumana naye pa nkhani ya mjigo wowonongeka, msika wopanda chimbudzi, kapena mlatho umene ana amaoloka popita kusukulu, ndi khansala. Kuyambira 2016 meya ndi wapampando wa khonsolo timasankha tokha. Kale ankasankhana makhansala okhaokha. Mu bajeti ya 2022 ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zopempha za anthu zimayambira m'makomiti a chitukuko a m'mawadi. Kodi mukudziwa amene amakhala mu komiti ya wadi yanu? Muli mzimai angati?

Mpingo woyamba nao unavota. Pa Machitidwe 6, amasiye a Ahelene atayamba kuiwalika pa kugawa chakudya, atumwi sanaloze abale ao. Anauza khamu kuti lidzisankhire amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino. Ife a mpingo wa Reformed timachita chomwecho posankha akulu ndi atumiki, ndipo palibe amene angavomere kuti mkulu wa mpingo asankhidwe chifukwa wagawa mchere ndi shuga. Nanga bwanji timalola zimenezi pa khansala? Yetero analangiza Mose pa Eksodo 18:21 kuti ayang'ane anthu okhoza ntchito, oopa Mulungu, onena zoona ndi odana ndi phindu lachinyengo. Amene akugulani ndi chitenje wadziulula kale pa mfundo yachinayi.

Chinthu china chindikhudza monga mphunzitsi. Malamulo a 2016 anati wofuna kuima pa upulezidenti, uphungu, ngakhale ukhansala, akhale ndi satifiketi ya Giredi 12. Pali amai ambiri anzeru amene amayendetsa bwino thumba la Chigwirizano ndi maliro a mudzi wonse, koma lamulo limenelo linawatsekera khomo chifukwa anasiyira sukulu panjira. Mukamchotsa mtsikana mu Giredi 9 kuti akakwatiwe, dziwani kuti mwina mwachotsa khansala wa wadi yanu.

Pokambirana lero, musatchule dzina la chipani chilichonse. Yunifomu yathu imavalidwa ndi amai a zipani zonse. Koma funsanani izi. Ndani pakati pathu, kapena mwa ana athu okwana zaka 18, alibe reji kapena khadi yovotera, ndipo ndani adzamperekeza kukatenga? Ndi agogo ati amene maso anafooka, oti sadziwa kuti lamulo limawalola kuthandizidwa povota? Ndipo boma likadzabweretsanso zosintha m'malamulo oyendetsera dziko, ndi amai awiri ati amene adzaziwerenga ndi kutifotokozera m'Chinyanja? Mlembi alembe maina ao m'buku lisanatsekedwe pemphero.