Magiya Akamakana Kulowa pa Thirakitala Yakale

Mvula yoyamba siidikira munthu. Thirakitala ikaima sabata imodzi m'mwezi wa Novembala, minda yambiri imabzalidwa mochedwa. Komabe magiya akayamba kuvuta, eni ake ambiri amathamangira kuphwasula giyabokosi, pamene gwero la vuto nthawi zambiri limakhala laling'ono. Chitsanzo chabwino ndi Massey Ferguson 135, yomwe inkapangidwa pakati pa 1964 ndi 1975 ndipo ikulimabe mpaka lero.

Choyamba kuunika ndi kayendetsedwe. Giyabokosi wa mathirakitala ambiri a mtunduwu safuna kusintha magiya makina akuyenda. Woyendetsa aziimitsiratu thirakitala, n'kuponda kilatchi, asanalowetse giya. Kukakamiza kumadya mano a magiya.

Chachiwiri ndi kilatchi. Ngati magiya akulowa bwino injini ili yozima koma akukukuta ikalira, ndiye kuti kilatchi sikumasula mokwanira. Chopondera chake chiyenera kukhala ndi kampata kochepa chisanayambe kulimba, ndipo mlingo wake ulembedwa m'buku la thirakitalayo. Kukonza kampatako sikulira ndalama zambiri. Thirakitala ikakhalitsa osayenda, dzimbiri limathanso kumata mbale ya kilatchi.

Chachitatu ndi oyilo. Pa mtundu uwu, giyabokosi, ekiselo yakumbuyo ndi zonyamulira pulawo zimagwiritsa ntchito oyilo mmodzi. Akaoneka woyererako ngati mkaka, ndiye kuti mwalowa madzi, kawirikawiri kudzera pa labala wong'ambika wa patsinde pa ndodo ya magiya. Oyiloyo akhetsedwe yense, labalayo asinthidwe, ndipo makinawo azigona pansi pa denga.

Chachinayi ndi ndodo ya magiya. Nsonga yake ikaperepeseka imatha kutumphuka pa malo ake, thirakitala n'kukanirira m'giya imodzi ndodoyo ikungogwedera. Injini izimitsidwe ndipo matayala atchingidwe ndi miyala. Kenako makaniko atsegule chotsekera cha pothirira oyilo, pafupi ndi ndodoyo, n'kukankha pang'onopang'ono chitsulo chosankhira giya ndi sikuludiraiva yaikulu mpaka chibwerere pakati. Ichi n'chithandizo cha kanthawi chabe. Ndodo yakuthayo ikapanda kusinthidwa, vutolo libweranso.

Zonsezi zikakhala bwino koma giya ikutulukabe yokha polima, kapena mu oyilo mukupezeka tizidutswa ta chitsulo, vuto lili m'kati. Kufikira m'katimo, ngakhalenso kusintha mbale ya kilatchi, kumafuna kulekanitsa thirakitala pakati. Imeneyi ndi ntchito yoopsa, yoyenera makaniko wodziwa amene ali ndi zochirikizira zolimba.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Makalabu ndi makopaletivi omwe ali ndi thirakitala achite kauniuniyu m'mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala, nthawi yofunafuna zipangizo ikadalipo, ndipo azilemba m'kaundula tsiku lililonse limene asintha oyilo.