Phunziro la Zaumoyo: Kukodza Pafupipafupi ndi Matenda a Chikhodzodzo

Pa misonkhano ya chitukuko m'mawodi mwathu timakambirana za milatho, mijigo ndi midadada ya sukulu, koma nkhani ya kukodza sititchula chifukwa ambiri amaiona ngati yolaula. Mwaulemu timangoti "kutaya madzi" n'kupitirira. Komabe m'midzi mwathu muli abambo amene amadzuka kasanu usiku umodzi, kutacha n'kulephera kugwira khasu. Muli amayi amene anasiya kupita ku msika, ku tchalitchi kapena ku mzikiti poopa kudzinyowetsa panjira, ndiponso ana asukulu amene mkodzo wawo uli ndi magazi makolo osadziwa. Phunziro la mwezi uno likufotokoza zimene zimayambitsa vutoli ndi zimene tingachite, munthu payekha komanso wodi yonse.

Mmene chikhodzodzo chimagwirira ntchito

Impso ziwiri zimasefa magazi usana ndi usiku, ndipo madzi otsala pamodzi ndi zosafunika m'thupi zimatsikira m'chikhodzodzo. Chikhodzodzo ndi thumba la minofu limene lili m'chinena. Cha munthu wamkulu chimasunga mkodzo wokwana pafupifupi theka la lita, monga botolo la madzi la mamililita 500. Anthu ambiri athanzi amataya madzi maulendo 6 mpaka 8 pa tsiku, ndipo usiku amadzuka kamodzi kapena sadzuka n'komwe.

Nthawi zina kupitirira apo si matenda. Tiyi, khofi ndi mowa zimachulukitsa mkodzo, chimodzimodzinso kuzizira kwa mu Juni ndi Julaye pamene thupi silituluka thukuta lambiri. Mayi woyembekezera amapita kuseri pafupipafupi chifukwa chiberekero chimapanikiza chikhodzodzo. Mankhwala ena a BP, monga hydrochlorothiazide, ntchito yake ndi yochotsa madzi m'thupi, choncho amene akumwa mankhwalawa asasiye okha koma akafotokoze kuchipatala. Chodetsa nkhawa ndi pamene vutoli lakhalitsa popanda chifukwa chodziwika, kapena likubwera ndi ululu, magazi, ludzu losatha kapena kuwonda.

Likodzo

Boma lathu la Salima lili m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Chipoka mpaka kupitirira Senga Bay, lili ndi minda ya mpunga ngati ya ku Lifuwu, komanso mitsinje monga Linthipe. Madzi amenewa amatidyetsa, koma ndi momwenso likodzo limafalira. Nyongolotsi yoyambitsa matendawa anaipeza ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mu 1851 ku Cairo m'dziko la Egypt.

Munthu wodwala akakodza m'madzi, timazira ta nyongolotsi timaswa, ndipo timphutsi timene tatuluka timalowa mu nkhono za m'madzi. Timachulukana m'nkhonomo, kenako timatuluka n'kuboola khungu la aliyense amene akusamba, kuchapa, kuwedza kapena kuwokera mpunga. M'thupi timakula kukhala nyongolotsi zimene zimakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo kwa zaka zingapo, zikuikira mazira. Mazirawo ndi amene amachititsa zilonda m'kati mwa chikhodzodzo. N'chifukwa chake wodwala amamva mkodzo pafupipafupi, amamva kuwawa, ndipo timadontho tomaliza timakhala ta magazi.

M'madera ena muli chikhulupiriro chakuti mnyamata akakodza magazi ndiye kuti akukula. Chikhulupiriro chimenechi n'cholakwika, ndipo chimachedwetsa ana kulandira chithandizo. Likodzo likakhalitsa limachepetsa magazi, limafooketsa mwana m'kalasi, limaumitsa chikhodzodzo, limawononga impso, ndipo pakapita zaka lingayambitse khansa ya chikhodzodzo. Kwa amayi limathanso kuyambitsa zilonda m'njira yoberekera.

Mankhwala ake ndi praziquantel. Amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena msinkhu wa munthu, ndipo amayenera kumwedwa munthu atadya. N'chifukwa chake tsiku limene a zaumoyo akupereka mankhwalawa kusukulu, mwana asachoke pakhomo ndi njala. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zimene zili m'thupi koma sateteza munthu kuti asatengenso, choncho amene amakhalitsa m'madzi ayenera kulandira ulendo uliwonse umene aperekedwa.

Matenda a shuga

Shuga akachuluka m'magazi, impso zimamutayira mu mkodzo, ndipo potuluka amakoka madzi ambiri. Apa chikhodzodzo chilibe vuto, koma chikungodzaza msanga. Wodwala amakodza mkodzo wochuluka usana ndi usiku, amamva ludzu losatha, amatopa, amawonda ngakhale akudya bwino, ndipo zilonda zake zimachedwa kupola. Ena amazindikira poona nyerere zikuunjirira pamene akodza. Kuyezetsa kwake n'kosavuta, chifukwa amangotenga dontho la magazi pa chala. Shuga wonyalanyazidwa amawononga maso, impso ndi mapazi, pamene amene akumwa mankhwala ndi kusamala kadyedwe amapitiriza ntchito zake kwa zaka zambiri.

Tizilombo m'njira ya mkodzo

Vutoli limagwira kwambiri amayi chifukwa njira yawo ya mkodzo ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, motero tizilombo timafika msanga m'chikhodzodzo. Wodwala amathamangira kuseri koma amangotulutsa pang'ono, mkodzo umawotcha, umakhala wa mbuu ndiponso wonunkha. Zikaphatikizana ndi kutentha thupi, kunjenjemera ndi kuwawa kwa m'mbali mwa msana, ndiye kuti tizilomboto takwera ku impso. Kwa mayi woyembekezera zimenezi zingayambitse matenda a kubereka nthawi isanakwane. Matenda opatsirana pogonana monga chinzonono nawonso amawotcha pokodza, ndipo apo mwamuna ndi mkazi ayenera kulandira chithandizo onse. Kugula makapisozi awiri pa wokala kumangoziziritsa ululu, tizilombo n'kuzolowera mankhwalawo.

Vuto la abambo achikulire

Pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna pali kachiwalo kotchedwa prostate, kamene kamazungulira njira ya mkodzo. Kwa abambo ambiri opitirira zaka 50 kachiwaloka kamakula n'kuyamba kufinya njirayo. Mkodzo umachedwa kuyamba, umatuluka mofooka, umadontha pomaliza, ndipo popeza chikhodzodzo sichikhuthuka chonse, bamboyo amadzuka kangapo usiku. Nthawi zambiri kukula kumeneku si khansa, koma khansa ya prostate imathanso kuonetsa zizindikiro zofanana, ndipo ndi kuchipatala kokha kumene angasiyanitse. Ana ndi adzukulu amene akuona agogo akuvutika chotere awaperekeze, pakuti akuluakulu ambiri amachita manyazi kuyamba okha nkhaniyi.

Mkodzo wosadziletsa pambuyo pobereka

Mayi akavutika nthawi yaitali pobereka, mutu wa mwana umatha kupanikiza chikhodzodzo mpaka kuboola, ndipo mkodzo umangodontha usana ndi usiku. Awa ndi matenda a fistula. Amayi ambiri otere amasalidwa, ena mabanja amatha, chonsecho ambiri amachira ndi opaleshoni. Ku chipatala cha Bwaila ku Lilongwe kuli malo apadera othandizira amayiwa, ndipo ulendo umayambira pa chipatala cha m'dera lathu.

Nthawi yopita kuchipatala

Musagone pakhomo ngati mkodzo watsekeka m'chinena n'kutupa, ngati mukukodza magazi, ngati ululu wabwera ndi kutentha thupi ndi kusanza, kapena ngati ndinu oyembekezera ndipo mkodzo ukuwotcha. Pa mavuto ena osafulumira, werengani kwa masiku awiri kapena atatu maulendo amene mwataya madzi usana ndi usiku, ndi zimene mwamwa. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, azitsamba omwe. Musaleke kumwa madzi pofuna kuchepetsa maulendo, chifukwa mkodzo wokhathamira umawonjezera ululu. Chepetsani tiyi ndi mowa madzulo. Zipatala zazing'ono zikalephera zimatumiza ku chipatala chachikulu cha Salima, ndipo zofunika akatswiri zimapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: dokotala sangayeze munthu amene sanabwere.

Udindo wa wodi

Likodzo limatha pamene mkodzo sukufika m'madzi. Pakhomo paliponse pakhale chimbudzi, ndipo makomiti a m'madoko, a sikimu za mpunga ndi a sukulu aonetsetse kuti zimbudzi zilipo pafupi ndi malo ogwirira ntchito. Madzi osamba otungidwa ku nyanja kapena ku dambo akasungidwa masiku awiri, timphutsi timafa. Komiti ya chitukuko cha m'mudzi ikamalemba zosowa zake, mjigo wowonongeka ndi malo ochapira zikhale pa mndandanda umene ukupita ku komiti ya dera ndi kwa akhansala, pakuti khonsolo imakonza mapulani ake kuchokera pa zimene midzi yapereka.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa m'mudzi

1. Kodi ndi malo ati m'mudzi mwathu amene ana amasamba ndi amayi kuchapa, ndipo chimbudzi chapafupi chili pati?
2. Ulendo wapitawu a zaumoyo atabweretsa mankhwala a likodzo, ndi ana angati amene sanamwe, ndipo chinawaletsa n'chiyani?
3. Kodi ndani m'mudzi muno amene abambo achikulire kapena amayi odontha mkodzo angamuuze vuto lawo momasuka kuti awaperekeze kuchipatala?

Mayankho anu aperekeni kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena kwa akhansala a wodi yanu.